Kuika soketi ya data pa wailesi yakale ya VHF ya m'boti kuti izilandira AIS

Wailesi ya VHF ya m'boti, ija ya 25 W yokhomera pansi pa shelefu, nthawi zambiri imachotsedwa isanafe. Mwini boti akagula ina ya DSC, yokhala ndi batani lofiira loitanira thandizo pa ngozi, yakaleyo imakagona m'kabati makutu ake akadali akuthwa. Wailesi yotereyi ndi imene ndimalimbikitsa kuti iikidwe soketi yowonjezera yotulutsa siginolo ziwiri: ina yosasefedwa yowerengera pa kompyuta AIS, mauthenga amene sitima imatumiza yokha onena dzina lake ndi malo omwe ili, ina ya mawu yojambulira zokambirana za pa tchanelo. Zipangizo zake n'zochepa, zokwana m'chikhatho. Pamene pagona nkhani ndi malo otengapo siginoloyo, komanso kudziwa mbali za wailesi zosayenera kukhudzidwa.

Pali mfundo imodzi imene sindisunthikapo. Ntchitoyi ichitike pa wailesi yapadera, osati imene boti limadalira pa ngozi. Wailesi ikakhala pa tchanelo cha AIS ndiye kuti yachoka pa tchanelo 16, pa 156.800 MHz, pomwe anthu amaitanirana zinthu zikathina. Dual watch, njira yomvera matchanelo awiri mosinthanasinthana, siithandiza, chifukwa wailesi imati ikasuzumira pa 16, mauthenga a AIS amadutsa osagwidwa kapena amaduka pakati. Komanso soketi yathuyi ndi yotulutsa basi. Mbali yotumiza mawu inavomerezedwa momwe inachokera kufakitale, ndipo laisensi yochokera ku bungwe loyang'anira mawailesi m'dziko, monga MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, INCM ku Mozambique kapena ICASA ku South Africa, imaperekedwa poganiza kuti mbali imeneyo ili momwemo. Tisaigwire.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, tsegulani buku la wailesiyo kumapeto, pa tebulo la matchanelo. AIS imayenda pa 161.975 MHz ndi 162.025 MHz. Pa ndondomeko yakale ya matchanelo, 87 ndi 88 anali a duplex: boti linkatumiza pa 157.375 ndi 157.425, n'kumalandira pa 161.975 ndi 162.025. N'chifukwa chake wailesi yakale, ikaikidwa pa INT, ndondomeko ya matchanelo a mayiko onse, imamva AIS pa tchanelo 87 popanda kusintha chilichonse. Mawailesi atsopano ambiri anasintha matchanelo awiriwa kukhala simplex, kutumiza ndi kulandira pa frequency imodzi, moti pa 87 amalandira pa 157.375, kuphonya ndi 4.6 MHz yonse. Tebulo likasonyeza choncho, siyani, musaboole chilichonse. Ganiziraninso za komwe boti limayenda. Pangano la SOLAS, la chitetezo cha panyanja, limalamula AIS pa sitima za matani 300 kupita m'mwamba zoyenda maulendo a pakati pa mayiko, choncho ku Beira, Nacala, Durban kapena Cape Town mauthenga sasowa. Kumene kulibe sitima yokhala ndi AIS, wailesi yokonzedwa bwino ndi yolakwitsidwa zimakhala chete chimodzimodzi, ndiye kuyesa komaliza kuchitikire pafupi ndi doko.

Ambiri amayamba ndi kulumikiza waya wa sipika ku kompyuta, n'kudabwa kuti palibe chikutuluka. Sitima zimatumiza AIS pa liwiro la mabiti 9600 pa sekondi m'njira yotchedwa GMSK. Mphindi imodzi imagawidwa m'mipata 2250 pa tchanelo chilichonse, ndipo uthenga wa malo a sitima umakwana mu mpata umodzi, mamilisekondi pafupifupi 27. Siginolo yothamanga chonchi imafuna njira yosalala kuyambira pansi penipeni mpaka kupitirira 5 kHz. Koma njira yopita ku sipika inakonzedwera mawu a munthu: imadula zonse za pansi pa 300 Hz ndi za pamwamba pa 3000 Hz, imatsitsa mawu okwera ndi 6 dB nthawi iliyonse frequency ikawirikiza, kenako imadutsa pa squelch, chotseka sipika pamene palibe wolankhula, yomwe imatseguka uthenga utapita kale. Zili ngati kusefa mgaiwa pomwe chimene mumafuna chili mu gaga watsala pa sefayo. Tiyenera kutenga siginolo isanafike pa sefa, potulukira penipeni pa discriminator, gawo lotulutsa siginolo kuchokera m'mafunde a wailesi.

Kupeza mwendo woyenera

Chotsani nthambo ya magetsi, eriyo ndi maiki. Jambulani zithunzi pa foni pa sitepe iliyonse, makamaka momwe labala wotchinga madzi wakhalira ndi komwe mawaya apyapyala a kutsogolo alowera. Mawailesi a ku Japan amakhala ndi masikuluwu a JIS, ofanana ndi a Phillips pamaso koma osiyana pang'ono mkati. Sikuludiraiva yosakwana bwino imadya mutu, ndipo sikuluwu imene yagwidwa ndi mchere siipereka mwayi wachiwiri. Idonthezereni mafuta omasulira dzimbiri, dikirani, kanikizani kwambiri musanapotokole.

Pa bolodi fufuzani kabokosi kakuda kapena koyera kolembedwa 455 kapena 450. Imeneyo ndi fyuluta ya ceramic, ndipo pambali pake pamakhala IC (chip) ya miyendo 16 ndi kakoyilo ka m'chitini kapena kachidutswa kena ka ceramic. IC zofala ndi MC3357, MC3361 ndi TA31136. Pa zitatu zonsezi siginolo yosasefedwa imatuluka pa mwendo 9, ndipo ground, mbali ya negativu, ili pa mwendo 15. Mukapeza MC3359, ya miyendo 18, mwendo wake ndi 10. Nambala ina iliyonse, tsitsani datasheet pa intaneti muone mwendo wotulutsa AF, kutanthauza mawu, osangoganizira.

Kuwerenga miyendo ndi kumene kumagwetsa anthu. Ikani IC kadontho kali kumanzere chakumwamba; mwendo wa pakadontho ndi 1. Tsikani kumanzereko mpaka 8, wolokani, ndipo woyang'anizana ndi 8 ndiye 9, pa ngodya yapansi kumanja. Mukatembenuza bolodi kuti muwotcherere kunsi, kumanzere kumasanduka kumanja, ndipo amene waiwala izi amakawotcherera pa mwendo 8 kapena 16. Ikani kachizindikiro ka maka pambali pa mwendo 9 musanatembenuze. Kenako yatsani wailesi kanthawi, yezani voteji ya DC pa mwendowo ndi multimeter, mulembe papepala. Imakhala pakati pa 1 ndi 3 V pa ma IC ambiri otere, ndipo nambalayi idzakuuzani pambuyo pake ngati mwasokoneza kanthu.

Pa mwendo 9 pamayamba rezista ya 10 kΩ, mwendo wake utadulidwa kufupika momwe mungathere. Kutsogolo kwa rezistayo pamatsika kapasita ya ceramic ya 1 nF kupita ku ground. Kuchoka pa mfundo yomweyo, kapasita ya 10 µF imapitiriza ulendo kupita ku waya wapakati wa chingwe chokhala ndi shield, ukonde wa waya wokuta wapakatiyo, monga RG-174. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi ntchito yake, ndipo kusintha manambala mwachisawawa n'kumene kumapha ntchito yonse.

Rezista imateteza IC ngati wina achititsa shoti kunja, komanso imailekanitsa ndi capacitance ya chingwe, yomwe pa RG-174 ndi pafupifupi 100 pF pa mita. Izi n'zofunika kuposa momwe zimaonekera, chifukwa squelch nayo imatenga phokoso lake pa mwendo 9 womwewo. Mukalumikiza chingwe mwachindunji, phokoso lokwera limatsika, squelch imaganiza kuti pali wina akulankhula, n'kukana kutseka. Kapasita ya 1 nF imameza zotsalira za 455 kHz. Pamodzi ndi 10 kΩ imayamba kudula cha pa 16 kHz, kutali ndi data yathu. Ya 2.2 nF imadula cha pa 7 kHz, zomwe zikadali zotheka. Ya 10 nF imadula pa 1.6 kHz, ndipo pamenepo mwangomanganso sefa ija mumaithawa. Tikapasita timeneti timafanana maonekedwe, ndiye werengani manambala ake ndi galasi lokuza: 102 ndi 1 nF, 103 ndi 10 nF, 104 ndi 100 nF. Nambala imodzi yokha yakumapeto ndiyo imalekanitsa wailesi yowerenga sitima ndi yongosokosa.

Ya 10 µF imatchinga DC. Isakhale yaing'ono: ndi rezista yathu komanso 10 kΩ ya polowera pa sound card, 10 µF imalola chilichonse cha pamwamba pa 1 Hz, 100 nF imayamba kudula pa 80 Hz, pomwe 10 nF imadula pa 800 Hz n'kupinda mabiti. Ine ndimakonda ya ceramic kapena ina iliyonse yopanda positivu ndi negativu. Chifukwa chake n'chakuti polowera maiki pa laputopu pamakhala voteji yakeyake ya mavoti angapo, yomwe ingaposere ya pa mwendo 9, n'kutembenuza kapasita ya electrolytic chagada mpaka kuyamba kudontha magetsi.

Powotcherera, soldering iron ikhale ya nsonga yopyapyala, yotentha pafupifupi 330 °C, mtovu wa 0.5 mm ndi flux pang'ono. Masekondi awiri akwana. TA31136FN ili ndi miyendo yotalikirana 0.65 mm yokha, ndipo kuwotcherera pamwendo penipeni n'kuitana shoti. Tsatirani kanjira ka kopa kuchoka pa mwendo 9 mpaka pa rezista yoyamba, tsimikizani ndi multimeter kuti zalumikizana, n'kuwotcherera kawaya ka 30 AWG pa mapeto a rezistayo oyang'ana ku IC. Tsidya linalo siginolo imakhala itayamba kale kusefedwa. Mabolodi a mawailesi a pamadzi amapakidwa vanishi yotchinga chinyezi. Ikandeni pang'onopang'ono ndi nsonga ya leza pamalo owotcherera pokha, ndipo mukatha pukutani flux ndi isopropyl n'kupakanso. Mangirirani chingwecho ku chinthu cholimba, chifukwa injini ya boti imanjenjemeretsa chilichonse, ndipo chingwe chongolendewera chimadzazula kanjira ka kopa tsiku lina. Chidutse kutali ndi module ya mphamvu yotumizira ndi chitini cha VCO, gawo lopanga frequency ya wailesi.

Siginolo yachiwiri, ya mawu osasintha ndi voliyumu, siivuta pa wailesi yokhala ndi voliyumu ya miyendo itatu. Mwendo umodzi ndi ground, wapakati ndi woyendayenda, wachitatu ndiye wathu. Ikanipo 10 kΩ ndi 1 µF motsatizana. Ngati chopotokola voliyumu chimazungulira osafika pamapeto, imeneyo ndi encoder ndipo mawu sadutsapo. Apo anthu amathamangira ku waya wa sipika, ndiye chenjerani: yezani waya uliwonse wa sipika poyerekeza ndi negativu. Onse awiri akaonetsa pafupifupi 6 V, amplifier ndi ya bridge, ndipo kugunditsa mmodzi ku ground ya kompyuta kumaiwotcha. Tengani pa waya umodzi wokha kudzera mu 1 µF ndi 10 kΩ, tsitsani ndi 1 kΩ kupita ku ground, ground yakeyo muitenge pa chassis.

Soketi, bowo ndi madzi

Palibe chifukwa chopeka kalumikizidwe kanukanu. Mawailesi a amateur a Yaesu, Kenwood ndi Icom ali ndi soketi ya data ya mini-DIN ya miyendo 6 yofanana: 1 ndi data yolowa, 2 ndi ground, 3 ndi PTT, mzere wotsegula kutumiza, 4 ndi siginolo yosasefedwa, 5 ndi mawu osefedwa, 6 ndi squelch. Tsatirani imeneyi, koma mulumikize 2, 4 ndi 5 basi. Miyendo 1 ndi 3 ikhale yopanda waya. Makompyuta ena amagwedeza mizere ya RTS ndi DTR ya pa serial port pamene akuyaka, ndipo PTT yolumikizidwa kumeneko ingatsegule 25 W pa tchanelo cha pamadzi popanda wina kudziwa. Boti limodzi lokanirira chonchi limatseka pakamwa aliyense wozungulira.

Pulagi ya mini-DIN ndi yofanana ndi ya kiyibodi yakale ya PS/2, ndipo n'zokopa kudula chingwe cha kiyibodi yakufa. Zingwe zambiri zotere zili ndi mawaya anayi okha, a pa miyendo 1, 3, 4 ndi 5. Mwendo 2, womwe kwa ife ndi ground, mulibe. Yezani kaye ndi multimeter.

Vuto lalikulu la mini-DIN n'lakuti siitchinga madzi. Wailesi yolembedwa IPX7 inayesedwa pomizidwa mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo soketi yotereyi yokhomedwa pa chassis imasandutsa zonsezo kukhala mbiri yakale. Njira yabwino ndi kutulutsa chingwe cha masentimita 30 kudzera mu cable gland, chomangira chingwe pa bowo chosalola madzi, soketiyo n'kukhala kumapeto kwa chingwe, pamalo ouma. Gland ya PG7 imafuna bowo la 12.5 mm ndipo imagwira chingwe cha 3 mpaka 6.5 mm. RG-174 ndi ya 2.8 mm, ndiye payokha imangoseweramo; gwiritsani chingwe cha mawaya angapo chokhala ndi shield, chonenepa 4 kapena 5 mm, RG-174 ithere mkati. Sankhani gland ya nayiloni, chifukwa mkuwa wokhudzana ndi aluminiyamu pamalo a mchere umadya chassis mpaka kuyera ufa. Ngati pakati pa zipsepse zoziziritsira palibe malo a 12.5 mm, chotsani waya wa hailer (chimkuzamawu) kapena wa sipika yapanja umene sugwira ntchito, mudutse pa bowo lake. Mawaya a NMEA, olumikizira GPS, asiyeni. Boti lotseguka, lomwe madzi amathovukira paliponse, likufunika soketi ya M8 kapena M12 ya IP67, yotchinga madzi, m'malo mwa mini-DIN, ndipo ma GX12 otchipa aja, ngakhale amaoneka olimba, ambiri satchinga madzi.

Poboola, mdani ndi tinyenyeswa ta aluminiyamu. Kamodzi kokha kakabisala pansi pa IC, wailesi idzagwira ntchito patebulo n'kudzafa panyanja. Chabwino n'kutulutsa bolodi, koma kumbukirani kuti module ya mphamvu imamangidwa ku chassis ndi phala loyera lotulutsa kutentha. Mukaichotsa, pukutani lakale, pakani latsopano mopyapyala, mumange masikuluwu ake awiri mosinthanasinthana pang'onopang'ono kuti mkati mwake musang'aluke. Ngati simukufuna kuichotsa, phimbani bolodi lonse ndi pulasitiki ndi tepi, pakani girisi pa nsonga ya dirilo kuti tinyenyeswa tizimatirira, muboole wailesi itapendekera pansi. Yambani ndi 3 mm, mukuze ndi step drill, musalaze m'mphepete. Mukafuna silikoni, inunkhizeni kaye: yonunkha ngati viniga imatulutsa asidi wodya kopa, ndiye funani ya neutral cure. Kunja, chingwe chiyambe chatsika pansi chisanakwere, kuti madzi azidonthera pansi osati kutsata chingwe mpaka pa gland. Ferrite imodzi ya mix 31 kapena 43 yomangidwa pafupi ndi gland imaletsa phokoso la kompyuta kulowa mu wailesi.

Musanatseke, yezani ngati pali shoti pakati pa mwendo 9 ndi oyandikana nawo, ndi pakati pa 2, 4 ndi 5 pa soketi. Yatsani ndi fyuzi ya 2 A m'malo mwa yanthawi zonse. Voteji ya pa mwendo 9 ifanane ndi ija munalemba. Lumikizani mwendo 4 ku sipika ya kompyuta yokhala ndi amplifier: muyenera kumva phokoso lakuthwa la shiii, losasintha ngakhale mutsitse voliyumu mpaka pansi kapena mutseke squelch. Likasintha ndi voliyumu, kapena likamveka lofatsa, mwatenga pamalo olakwika. Squelch izitsekera pamalo omwe inkatsekera kale. Kenako bwezerani fyuzi yake, popeza pa 25 W wailesi imakoka 5 kapena 6 A, ikani dummy load ya 50 Ω m'malo mwa eriyo, muyese kutumiza pa 1 W kenako pa 25 W kuti mutsimikize kuti module yakhala bwino. Labala wa chivundikiro mupake girisi wa silikoni pang'ono, muonetsetse kuti sanapanike.

Ku kompyuta, polowera pa line in ndi pabwino kuposa pa maiki, ndipo sound card ya USB yotchipa imakwanira. Ikani 48 kHz, zomwe zimapereka masampulo asanu pa biti iliyonse, n'kuzimitsa zonse zokometsera mawu: AGC, zochotsa phokoso, mic boost. Zimenezi zimaona siginolo yathu ngati phokoso loyenera kuchotsedwa. Kwezani levulo mpaka phokoso lifike cha pakati, lisamagunde kumwamba. AISMon ndi ShipPlotter pa Windows, kapena gnuais pa Linux, zimasandutsa phokosolo kukhala mizere yoyamba ndi !AIVDM, yomwe pulogalamu ya OpenCPN imaika pa mapu. Za kutembenuzika kwa siginolo musade nazo nkhawa, chifukwa AIS imagwiritsa ntchito NRZI, yomwe imayang'ana kusintha kwa levulo osati mbali yake.

Pulogalamu ikamagwira mauthenga ambiri koma owerengeka bwino n'kukhala ochepa, yambani ndi kapasita ija ya 102, kenako levulo, kenako chotsani tchaja ya laputopu muone ngati zisintha. Zikasintha, phokoso likuchokera ku tchaja kapena inverter kudzera pa ground. Anthu amathamangira kuika transformer yolekanitsa ya 600 Ω, koma zotchipa zimadula mawu otsika n'kuwonjezera vuto. Ndi bwino kudyetsa laputopu ndi wailesi kuchokera pa mfundo imodzi ya batire ndi mawaya onenepa. Waya wa negativu wa wailesi ukhale womangika zolimba. Ukamasuka, magetsi onse amafuna njira yobwerera, ndipo amaipeza pa shield ya kachingwe kathu kudzera mu kompyuta. Shield siingasenze ma ampeya asanu, ndiye kanjira ka ground pa bolodi kamapsa. Zonsezi zikakhala bwino koma zotsatira n'kukhalabe zofooka, mwina wailesi yasuntha pang'ono pa frequency chifukwa cha ukalamba. Musapotokole makoyilo mongoyerekeza; pamafunika signal generator.

Popeza sitima zimasinthanasinthana matchanelo awiri aja, wailesi imodzi imagwira pafupifupi theka la mauthenga. Sitima yoyenda yokhala ndi AIS ya Class A, ya sitima zazikulu, imanena malo ake pa masekondi 2 mpaka 10 aliwonse, ndiye theka limakwanabe. Yoima pa nangula imanena pa mphindi 3 zilizonse, ndipo dzina ndi kukula kwake zimabwera pa mphindi 6 zilizonse, choncho mungadikire mphindi 12 mukuona MMSI yokha, nambala yozindikiritsa sitima, popanda dzina. Si vuto la ntchito yanu. Komabe n'chifukwa chokwanira choti zoonekazo zizithandiza maso, zisalowe m'malo mwa munthu woyang'ana kutsogolo.

Wailesi yachiwiriyi ikhale ndi eriyo yakeyake. Kugawa eriyo imodzi ndi cholumikizira cha T kumalowetsa mphamvu ya wailesi yayikulu m'makutu mwa inzake n'kuwawotcha. Ma eriyo awiriwo atalikirane kuposa mita imodzi, ndipo zimakhala bwino kwambiri ina ikakhala pamwamba pa inzake kusiyana n'kukhala pambali. Mtunda umadalira kutalika: eriyo ya mamita 4 pamwamba pa madzi imayamba kumva sitima yokhala ndi eriyo ya mamita 25 cha pa makilomita 29.

Wina angafunse chifukwa chovutikira chonchi pomwe kadongo (dongle) ka RTL-SDR, kawailesi kolowetsa pa USB, ndi pulogalamu ya AIS-catcher, kamamva matchanelo onse awiri nthawi imodzi popanda kuboola kanthu. Kwa amene alibe wailesi yakale, ndingamuuze kuti agule kadongoko. Koma mkati mwa doko, momwe ma transmitter amphamvu ali mbali zonse, kadongo kopanda fyuluta kamagontha msanga, pomwe wailesi ya pamadzi inamangidwa ndi zosefera za bandi imeneyi kutsogolo kwake ndipo imapirira. Mukamaliza, chotsani maiki pa wailesiyo ngati ndi yochotseka, chifukwa pa 87 aliyense wodina PTT atumiza pa 157.375 MHz. Matani pepala pamwamba pake lonena kuti ndi yolandirira AIS yokha, ndipo mkati mwa chivundikiro mumatemo kachithunzi ka momwe mwalumikizira, kosonyeza mwendo wa IC, manambala a zipangizo zitatu zija ndi miyendo ya soketi imene ili ndi waya.